Kuno kulibe nyanja yamchere, ndiye za madambo akugombe ndingazilowe bwanji?

Uthenga uwu wachokera kwa mtsikana wina wa ku Chilobwe, ndaudula pang'ono: "Anti, ine ndili ndi zaka 22, ndili chaka chachitatu pa digiri ya zachilengedwe konkuno ku Blantyre. Chichitikireni Freddy uja mutu wanga umangokhala pa nkhani za madzi. Ndinaonera vidiyo ina pa YouTube ya anthu ofufuza madambo a m'mbali mwa nyanja yamchere, aja madzi amalowa n'kutulukamo tsiku lililonse, mtima wanga unangoti ntchito yanga ndi imeneyi. Koma kuno nyanja yoteroyo kulibe, anzanga akundiseka, ndipo bambo akuti sanandilipirire fizi kuti ndizikaponda matope. Kodi ntchito imeneyi ilipodi, munthu angadye nayo? Ndiyambire pati, kapena ndingozisiya?"

Mng'ono wanga, choyamba mtima m'malo, sunapenge ayi. Ntchitoyo ilipo, anthu akudya nayo, ena akumanga nayo nyumba, ine ndakhala m'matopemo zaka zambiri ndipo ana anga sanagonepo ndi njala. Bambo akonso usawaone ngati adani, akunena zoona mbali ina, matope udzapondadi, mpaka m'chiuno nthawi zina, ndiye funso lawo loti matopewo akubweretsera chani ndi funso labwino, tiliyankha bwinobwino. Koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna ndikutembenuze maganizo, iwe ukuona ngati kusowa kwa nyanja yamchere ndi khoma, pamene ine ndikuona kuti wabadwira pa sukulu yabwino kwambiri ya ntchito imeneyi, kungoti sunaizindikire chifukwa vidiyo unaonayo anajambula kunja.

Tiyambe ndi zomwe unaonazo kuti tizimvana. Kunyanja yamchere madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku m'malo ambiri, pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25 kuchokera pa kudzaza kwina kufika pa kwina, chimakoka madziwo ndi mwezi, dzuwa limangothandizira, ndiye mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu madzi amakwera kwambiri kuposa masiku ena. Ku Beira kusiyana kwake kumatha kupitirira mamita 6, tangoganiza, malo omwe m'mawa unayenda ndi miyendo masana pakudutsa boti. Pakati pa mtunda ndi nyanja pamakhala dera lomwe limamira ndi kuuma, kumira ndi kuuma, madzi ake amchere pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, zomera wamba sizingapirire. Kumayiko ozizira pamenepo pamamera udzu ndi tizitsamba tonenepa masamba topirira mchere, ndiwo madambo unaonawo. Koma kumayiko otentha ngati Mozambique, Tanzania ndi Kenya malo amenewo amatengedwa kwambiri ndi mitengo ya mangrove, aSwahili amati mikoko. Ndiye ngati ukufuna madambo a udzu enieniwo, apafupi odziwika bwino ali ku South Africa, ku Knysna, ku Langebaan, ku Swartkops pafupi ndi Gqeberha. Ngati mangrove akukukwanira, ndiye ndi pakhomo pompa, ukadutsa ku Mulanje, boda ya Muloza, Milange, Mocuba, wafika ku Quelimane.

Tsopano tamvera. Wofufuza madambo amenewa mafunso ake ndi angati? Madzi amafika pati, amakhala nthawi yaitali bwanji, ali ndi mchere wochuluka bwanji, dothi likuunjikana kapena likukokoloka, chikumera ndi chani pamalo ati, nsomba ndi mbalame zikupindula bwanji, ndipo anthu okhala pamenepo akudya chani. Basi. Mafunso omwewa ndi amene timafunsa ku Chilwa ndi ku Elephant Marsh, dambo lalikulu lija la ku Chikwawa ndi Nsanje. Kusiyana kwake n'koti kugombe madzi amakwera ndi kutsika pa maola, kwathu kuno amakwera ndi kutsika pa miyezi ndi pa zaka. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe, Sombani yonse imangothira, otulutsa ndi dzuwa ndi mphepo basi, ndiye madzi akamaphwa mchere umatsala n'kumachuluka, nsomba zimathawira kumathiriro a mitsinje ndi m'zithaphwi. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2018 anthu amayenda pansi malo omwe kale kumadutsa maboti opita ku chilumba cha Chisi. Kenako mvula ikabwera bwino nyanja imabwerera, matemba, milamba ndi makumba zimachulukanso ngati sizinachoke. Munthu amene wamvetsa momwe njedza, udzu wautali uja womera m'madzi, zimapiririra kusefukira, kuuma, moto ndi mchere ku Chilwa, ukamuika ku Knysna sasochera, amangophunzira mayina atsopano ndi kuwerenga tebulo la nthawi zomwe madzi amakwera ndi kuphwa. Sindikungokulimbitsa mtima ayi. Buku lalikulu la kafukufuku wa nyanja ya Chilwa linatuluka mu 1979, analikonza ndi Margaret Kalk, A. J. McLachlan ndi Clive Howard-Williams, ndipo Howard-Williams ameneyo anayambira pa njedza za ku Chilwa zomwezi, kenako anakagwira ntchito ku South Africa mpaka ku New Zealand. Ukapita ku laibulale ku Zomba kalifunse bukulo, ndi lakale koma silinathe ntchito.

Palinso china chomwe chimandisangalatsa ndikamayankhula ndi ana a mu Blantyre. Dothi lija linatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023, ndi lina lomwe limakokoloka ku Ndirande chaka chilichonse, limalowa m'mitsinje yathu yam'tauni, Mudi, Naperi, Nasolo, Likhubula, n'kukathera mu Shire. Shire akatsika ku Chikwawa amamwazika mu Elephant Marsh, dothi lambiri limakhala pamenepo, lotsala limapitirira ku Chiromo, Nsanje, kukalowa mu Zambezi, ndipo Shire amalowa kumunsi kwa madamu a Kariba ndi Cahora Bassa, kutanthauza kuti matope ake samatsekeredwa ndi madamu awiriwo ngati momwe amachitira matope ochokera kumtunda kwa Zambezi. Kumathero kwake ndi kumathiriro a Zambezi kuja, ku Chinde ndi Marromeu, komwe kuli nkhalango ya mangrove yaikulu zedi. Ndiye iwe wa ku Chilobwe uli kumutu kwa chingwe chomwe mchira wake uli m'nyanja yamchere. Ukadzalemba kalata yopempha sikolashipu nkhani imeneyi idzakugulitsa kuposa kunena kuti ndimakonda chilengedwe kuyambira ndili mwana, mawu amenewo aliyense amalemba ndipo owerenga anatopa nawo.

Ntchitoyo payokha imaoneka bwanji tsiku ndi tsiku? Ndikuuze za tsiku limodzi ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa. Umadzuka 4 koloko chifukwa mphepo ikayamba masana nyanja yosaya ija imavunduka, umakwera bwato, mwini bwato akukankha ndi nsungwi yaitali m'kanjira kopapatiza ka pakati pa njedza, udzudzu uli tayale, mukudutsa zimbowera za asodzi, tinyumba toyandama tija, utsi wa milamba yowamba ukutuluka. Mukafika pa malo oyezera umatulutsa GPS, kamakina koyezera mchere ndi mpweya wa m'madzi, umamiza kambale koyera ndi kokuda kaja ka Secchi kuti uone madzi ndi akuda bwanji, ku Chilwa kamasowa usanamize n'komwe mkono wonse. Kenako umatsika, ndipo apa ndi pomwe anthu amasiyanirana, matope aja amakugwira ngati ali ndi manja, ukakoka mwendo gambuti imatsala pansi. Umakhoma paipi m'matope kuti utulutse dothi losanjikizana, kulidula zidutswa, kuika m'timapepala ta pulasitiki, kulemba manambala ndi pensulo osati bolopeni chifukwa inki ikanyowa yapita. Ine ndinalirapo, tsiku lonse ndinalemba ndi bolopeni, bwato linapendama pang'ono, kope lonse linasanduka la buluu, ntchito ya masiku atatu kuyambiranso. Kugombe n'chimodzimodzi kungoti kumeneko bwana ndi mafunde, uli ndi maola ochepa madzi asanabwerere, ndipo matope ake amanunkha ngati mazira owola chifukwa cha salufa wa m'madzi amchere. Amakhomanso zitsulo zakuya n'kumayeza chaka ndi chaka kuti dambo lakwera mamilimita angati, poti nyanja zamchere zikukwera mamilimita 3 mpaka 4 pa chaka ndiye dambo likalephera kuunjika dothi pa liwiro lomwelo limamira.

Koma usanamizike ndi ma vidiyo, kuthengo ndi gawo laling'ono. Sabata imodzi ya m'matope imabala miyezi iwiri ya mu labu ndi pa laputopu. Kuumitsa dothi, kuliyeza pa sikelo, kuliotcha mu uvuni pa madigiri 500 ndi kupitirira kuti udziwe kuchuluka kwa zowolerana, kusankha tizilombo pa maikulosikopu mpaka khosi kuuma, kenako manambala, kenako kulemba. Anthu ambiri omwe ndawaona akugwa pa ntchito imeneyi sanagwe ndi ng'ona kapena dzuwa, anagwa ndi masamu ndi kulemba. Ndiye ngati pali kosi ya statistics yomwe ukungoiphunzira kuti ukhoze mayeso, isinthire mtima lero. Phunzira R, pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira manambala, ndi yaulere. Phunzira QGIS, pulogalamu yopangira mapu, ndi yaulere. Zithunzi za setilaiti za Landsat zinayamba mu 1972 ndipo n'zaulere, za Sentinel-2 zimaonetsa malo a mamita 10, nazonso zaulere, ukhoza kukhala ku Chilobwe konko ndi bandulo ya usiku n'kuona momwe Elephant Marsh yasinthira chaka ndi chaka, olo mangrove a ku Quelimane, osalipira thiransipoti. Mwana amene amabwera kwa ine atapanga kale mapu ake, olo okhota, ndimamutenga msanga kuposa wa magiredi okongola amene sanayesepo kanthu payekha.

Pulojekiti yako ya chaka chomaliza ndiye khomo, usaitaye pa mutu wongokopera kwa anzako a chaka chatha. Sankha kanthu kakang'ono koti ndalama zako zikwanitse. Ukhoza kutenga kadambo kamodzi ka mu Blantyre momwemu komwe anthu akumangamo nyumba kapena kulima madimba, n'kuyeza madzi akamalowa ndi akamatuluka kuti uone ngati bango ndi udzu zikusefa zonyansa. Ukhoza kuyerekeza zithunzi za Elephant Marsh namondwe Ana asanabwere mu Januwale 2022 ndi Freddy atadutsa. Ukhoza kutsata namasupuni, udzu woyandama uja umene umavutitsa makina a magetsi pa Nkula ndi Tedzani, mpaka pa baraji ya ku Liwonde anaikapo zotchingira ndi zowolera udzu. Kafukufuku wamng'ono womalizidwa bwino, wokhala ndi manambala oona, amaposa mutu waukulu wa kusintha kwa nyengo m'Malawi muno womwe mapeto ake ndi mafunso 30 ofunsa anthu pa msika. Ndipo pa holide usakhale pakhomo, pita ku WESM, bungwe loona za nyama zakuthengo ndi chilengedwe, ku Limbe ukafunse ngati pali zoti uthandize, anthu owerenga mbalame za m'madzi amachita zimenezi mu Januwale ndi mu Julaye ndipo manja samakwana, pita ku Herbarium ku Zomba ukaphunzire kuzindikira zomera ndi kuzisunga, kumeneko kuli akuluakulu odziwa udzu ndi maso okha omwe nzeru zawo sizili pa intaneti. Ofesi ya za nsomba ya boma nayonso ndi khomo, ku Monkey Bay kuli malo awo ofufuzira, ku Mpwepwe ku Mangochi kuli koleji yawo.

Za ndalama tsopano, pomwe pali mtima wa bambo. Sindikunamiza, ntchito yolembedwa pakhomo kuti wofufuza madambo ndi yosowa kuno. Anthu timalowera m'makomo osiyanasiyana. Ena ali m'boma, ku nthambi ya za nsomba, ya za nyama zakuthengo ndi mapaki, ya za madzi, ku MEPA, ofesi yoteteza chilengedwe yomwe inabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, malipiro ake ndi a boma ukuwadziwa, koma ntchito ndi yokhazikika ndipo mwayi wa sukulu umadutsa pamenepo. Ena akuphunzitsa ndi kufufuza m'mayunivesite, UNIMA, LUANAR, Mzuni, MUBAS, MUST, kumeneko popanda masitazi sulowa, ndipo kuti ukhazikike pamafunika PhD. Ena ali m'mabungwe ndi m'mapulojekiti a ndalama zakunja, awa ndiye amalandira bwino koma kontirakiti ndi ya chaka chimodzi, ziwiri, zikatha umayambanso kusaka. Ndipo pali ntchito ya malipoti ounika momwe chitukuko chikhudzire chilengedwe, msewu, sikimu ya mthirira, fakitale, mgodi, zonsezi lamulo limafuna lipoti, ndipo munthu wodziwa madambo, nsomba ndi ubwino wa madzi amafunidwa. Ambiri a ife timaphatikiza ziwiri kapena zitatu. Ine panali nthawi ina pulojekiti inatha, ndalama za gawo lachiwiri zinachedwa miyezi isanu ndi itatu, ndinkaphunzitsa bayoloje pa sukulu ina yapulaiveti masana, usiku n'kumapangira anthu mapu. Sindinafe, koma ndikanakhala kuti ndimangodziwa dzina la udzu basi ndikanavutika. Luso la mapu, la kuyeza madzi mu labu ndi la manambala ndi limene limakudyetsa pa nthawi ya chilala.

Ndikuchenjezenso pa malipoti ndatchulawo. Tsiku lina adzakuitana munthu, envelopu ili patebulo, akufuna ulembe kuti pamalo pomwe akufuna kumanga si dambo. Zinandichitikira, kampani sinditchula, ndinakana ndipo ntchitoyo anapatsa wina. Dziko lathu ndi laling'ono, anthu a ntchito imeneyi timadziwana tonse, ukasaina bodza kamodzi dzina limakutsata mpaka ku ma intavyu. Iwe wa ku Chilobwe sindikuyenera kukufotokozera zomwe madzi amachita akapeza nyumba panjira yawo.

Nanga kunyanja yamchereko ukafika bwanji? Njira yodziwika ndi masitazi. Ku South Africa, Nelson Mandela University ku Gqeberha ili ndi gulu lamphamvu pa madambo amchere ndi mathiriro a mitsinje, Pulofesa Janine Adams ndi dzina loti uliwerenge. Ku Mozambique, Universidade Eduardo Mondlane ili ndi sukulu ya za m'nyanja ku Quelimane komanso malo ofufuzira pa chilumba cha Inhaca, koma kumeneko Chipwitikizi ndi chofunika, yamba pano pang'onopang'ono, ndipo Chisena ukachimva chidzakuthandiza kumidzi ya m'mbali mwa Zambezi. Ku Zanzibar kuli Institute of Marine Sciences ya University of Dar es Salaam, komweko ndi komwe kuli likulu la WIOMSA, bungwe la asayansi a m'nyanja a chigawo chino. Ku Ulaya IHE Delft ya ku Netherlands yaphunzitsa anthu ambiri a za madzi a mu Africa muno. Ndalama zake anthu amapeza ku Commonwealth, DAAD, Chevening, Mastercard Foundation, ndipo usaiwale Beit Trust yomwe ndi ya anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndiye mpikisano wake si wa dziko lonse lapansi. Malamulo ndi masiku otsekera amasintha, uziwerenga wekha pa masamba awo, ndipo aliyense wokuuza kuti ulipire kuti akupezere sikolashipu ndi wakuba. Kukanidwa kuliko, ine anandikana kangapo ndisanapeze, umangokonza kalata n'kutumizanso. Polembera pulofesa usatumize kalata yofanana kwa anthu 50, werenga pepala lake limodzi, umuuze chomwe wachita ku dambo la kwanu ndi funso lomwe ukufuna kukaliyesa kwawoko, mizere khumi yakwana.

Mawu ena omwe uziwamva kwambiri ndi blue carbon. Nkhani yake ndi yoti dothi lomira m'madzi lilibe mpweya wokwanira, ndiye masamba ndi mizu siziola msanga, kaboni amaunjikana pansi kwa zaka mazana, ndipo m'madzi amchere mpweya wa methane umatuluka wochepa poyerekeza ndi madambo a madzi opanda mchere, n'chifukwa chake mangrove ndi madambo akugombe akukopa ndalama. Ku Gazi Bay ku Kenya kuli pulojekiti ya Mikoko Pamoja yomwe anthu a m'midzi amagulitsa kaboni wa mangrove awo ndalama n'kumathandizira madzi akumwa ndi sukulu. Ndi gawo lomwe lili ndi ntchito panopa, ndipo kayezedwe ka kaboni m'dothi ukhoza kukaphunzira ndi matope a ku Chilwa. Maganizo anga, phunzira luso lake koma usamange moyo wako wonse pa mawu amodzi otchuka, opereka ndalama amasintha nyimbo pakapita zaka zingapo.

Pali mbali ina yomwe ana a sayansi amainyoza, anthu. Dambo la kuno si malo opanda eni. Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, pangano lija la madambo lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971, ndipo inali yoyamba m'dziko muno, Elephant Marsh inatsatira mu 2017, koma kulembedwa kumeneko sikunachotse msodzi, mlimi wa mpunga, wosaka mbalame, woweta ng'ombe, mayi wodula bango kapena wokumba nyika chaka cha njala ku Nsanje. Ukafika ndi galimoto n'kuyamba kukhoma mapaipi osadutsa kwa amfumu ndi komiti ya pa doko, mawa upeza zida zako zazulidwa, ndipo olakwa ndi iwe, anthu amaganiza kuti mukuyeza malo kuti muwalande. Khala pansi, fotokoza m'Chichewa chomveka, lipira mwini bwato mtengo womwe mwagwirizana, ndipo ukamaliza bwerera ukawauze zomwe wapeza, anthu anatopa ndi ofufuza obwera ndi mafunso n'kusowa. Komanso uzimvetsera. Bambo wina wachikulire amene ankandiyendetsa pa bwato ankalawa madzi ndi chala n'kundiuza kuti apa matemba achoka, ine n'kuyeza ndi makina anga, manambala n'kumuvomereza. Zambiri zomwe ndimadziwa za kayendedwe ka madzi m'njedza ndinaphunzira kwa iyeyo, osati m'kalasi.

Za ngozi ndisakubisire. Likodzo ndi mnzathu wa pa ntchito, madzi odekha okhala ndi nkhono ndiye kwawo, ndipo limatha kukhala m'thupi osaonetsa zizindikiro, kwa ife amayi limatha kuononga ziwalo za uchembere anthu n'kumaganiza kuti ndi matenda ena. Ndiye vala zotchinga miyendo, ndipo ukabwera kuthengo papite milungu ingapo ukayezetse, mankhwala ake praziquantel amapezeka m'zipatala. Ukaona magazi mu mkodzo, kupweteka m'chinena, kapena kutentha thupi utachoka ku dambo, usadzigulire mapanado pa okala n'kukhala, pita kuchipatala ndipo uwauze kuti unali m'madzi. Neti ya udzudzu uzinyamula yako, madzi akumwa ako, kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa. Ku Shire ng'ona ndi mvuu si nthano, mwini bwato akati apa sitidutsa usatsutse olo GPS ikuloza pomwepo, ndipo jekete yoyandamitsa uzivala ngakhale anthu akuseke. Kodi umatha kusambira? Ngati ayi, phunzira chaka chino, ana ambiri a m'tauni amabisa zimenezi mpaka tsiku loipa. Kugombe ngozi yaikulu ndi kutitimira m'matope madzi akubwerera, n'chifukwa chake munthu sapita yekha ndipo amasiya uthenga wa nthawi yobwerera.

Poti ndiwe mtsikana ndiwonjezere ichi. Kuthengo nthawi zambiri udzakhala wamkazi yekha pakati pa amuna, malo ogona ndi ma resitihausi a pa tirediing'i senta, ndipo pali akuluakulu ena amene amaona ngati mwayi womwe akupatsa uli ndi mtengo wina. Ulendo usanayambe funsa kuti mukupita angati, mukagona kuti, alawansi ndi zingati ndipo akupatsa liti, zilembedwe. Wina akayamba zachibwana, sunga mauthenga, uza mphunzitsi wamkazi amene umamukhulupirira kapena ofesi yoona za ophunzira, zikakula ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Usadzione ngati wataya mwayi wokhawo, makomo ndi ambiri. Ndipo za Freddy wanenazo, ngati mvula ikamagwa usiku tulo sitibwera, kapena ukamaona madzi othamanga mtima umagunda mpaka kulephera kupuma, kaonane ndi aphungu a kusukulu kwanu kapena kuchipatala usanayambe ntchito ya m'madzi, anthu ambiri a ku Chilobwe ndi Soche akuyenda ndi katundu ameneyo mwakachetechete.

Bambo usakangane nawo ndi mawu, akuluakulu amakhulupirira zooneka. Asonyeze zotsatsa ntchito za m'nyuzi zofuna anthu a zachilengedwe, za madzi ndi za mapu, aone kuti digiri yako sikutsekera pakhomo limodzi. Afotokozere kuti madzi a pa mpopi wawo ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, kuti magetsi akamazima nthawi ya mvula nthawi zina ndi matope ndi zinyalala zomwe zatseka makina, ndipo pali anthu amene amalipidwa kuti amvetse zimenezo. Ngati mphunzitsi wako wa pulojekiti ndi womasuka, mupemphe alankhule nawo olo pa foni mphindi zisanu, mawu omwewo akachoka kwa munthu wamkulu mnzawo amalemera mosiyana.

Ndiye pa holide ikubwerayi chita izi, sunga ya minibasi, upeze mnzako mmodzi, mupite ku Zomba mutsikire ku Kachulu, kapena mutsike Thabwa mulowere ku East Bank mukaone Elephant Marsh ndi maso. Mukapereke moni kwa a komiti ya pa doko, mulipire bwato la maola awiri, nyamula kope, pensulo, chipewa ndi nsapato zoti sudzazilira. Ukabwerako thupi likuyabwa, zovala zikununkha, undilembere undiuze ngati ukufunabe, ndipo unditumizire zomwe walemba m'kopemo, tiyambire pamenepo kusankha mutu wa pulojekiti yako.